Batire la Galimoto M'nyumba za ku Chongwe

Batire la galimoto linalowa m'nyumba za m'boma la Chongwe mawaya a magetsi a ZESCO asanafike m'midzi yambiri. M'dera la Asoli la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndi m'mafamu a m'mbali mwa msewu wa Great East, bokosi lakuda lolemera lija ndilo linkaimbitsa wailesi, kuyatsa babu limodzi pabalaza, kenako n'kudzaonetsa mpira pa TV. Magetsi a pakhomo m'derali anachokera kumsewu, ndipo amisiri ake oyamba anali amakanika. Vuto lomwe ankalimbana nalo likadalipo mpaka lero. Batire ndi nkhokwe chabe: limasunga zimene lapatsidwa, liyenera kudzazidwa kwinakwake, ndipo likamadzazidwa molakwika silichedwa kufa.

Chipangizochi n'chakale kuposa galimoto. Gaston Planté wa ku France ndiye anachipanga mu 1859 pomiza mapepala a mtovu mu asidi, ndipo mu 1881 Camille Faure anapeza njira yomata phala la mtovu pamapepalawo kuti azisunga mphamvu yochuluka. Mu 1912 kampani ya Cadillac inaika m'galimoto zake sitata yamagetsi ya Charles Kettering, ndipo chitsulo chopukusira injini ndi manja chinayamba kutha ntchito. Galimoto zambiri zinkayendera mavolti 6 mpaka m'ma 1950, pamene mavolti 12 anafala. Batire la mavolti 12 lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha mavolti pafupifupi 2.1, n'chifukwa chake lodzaza bwino limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Mapepala ake a mtovu ndi opyapyala komanso ambiri, kuti litulutse mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizira injini, kenako libwezeredwe pomwepo galimoto ikuyenda. Opanga ake sanaganizireko za batire loimbitsa wailesi sabata yathunthu mpaka kuuma. Pafupifupi mavuto onse amene eni mabatire a m'nyumba ku Chongwe anakumana nawo anachokera pamenepa.

Msewu wa Great East unalambulidwa kuti ulumikize Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata, ndi njanji yodutsa ku Lusaka. Likulu la Northern Rhodesia litasamukira ku Lusaka mu 1935, malole anachuluka pamsewuwo, ndipo Chongwe, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa mzindawo, anakhala malo odutsirapo aliyense wopita ku Luangwa, ku Petauke ndi ku Nyasaland. M'deralo munali kale mishoni ya Kasisi, imene ansembe a chipani cha Jesuit anatsegula mu 1905, ndipo mu 1939 kunatsegulidwa sukulu ya aphunzitsi ya Chalimbana. Mishoni, sukulu ndi mafamu a azungu zinali ndi malole, mathirakitala ndi injini zopopera madzi, ndipo kumeneko n'kumene anyamata a m'midzi yozungulira anayamba kugwira sipanala. Galimoto za nthawiyo, monga Bedford ndi Land Rover, zinkatchaja batire ndi dynamo. Pakati pa dynamo ndi batire pankakhala kabokosi kotchedwa cut-out, kamene kankalumikiza ziwirizi injini ikathamanga, n'kuzilekanitsa ikazima, kuopera kuti batire lingakhuthulire mphamvu yake m'dynamo. Ntchito ya kabokosi kameneka, yotsegula ndi kutseka njira pa nthawi yake, ndi imene kachitini kena kotchedwa solenoid kanadzagwira pakati pa mabatire awiri.

Panali msampha wina umene unapsetsa zida zambiri. Galimoto za ku Britain zinkamangirira mutu wa positive kuthupi la galimoto mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1960, pamene zinatembenukira ku negative. Nthawi yomweyo alternator, imene Chrysler anayamba kuika m'galimoto wamba mu 1960, inali kulowa m'malo mwa dynamo. Dynamo inkapirira zolakwa zambiri, koma alternator ili ndi ma diode amene amapsa m'kuphethira kwa diso batire likaikidwa chosemphana. Makanika wozolowera Land Rover yakale ankatha kuwononga galimoto yatsopano ya bwana wake asanamalize n'kumanga komwe. Kuchokera m'zolakwa zoterezi, ntchito ya magetsi a galimoto inapatuka n'kukhala luso lapadera, losiyana ndi la wokonza injini.

Chimene chinakokera batire m'nyumba ndi wailesi. Kuulutsa mawu kunayamba ku Lusaka mu 1941, ndipo mu 1949 Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kupanga wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, ya mtengo wa mapaundi 5. Anthu ankamverapo Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi zinenero zina, komanso nyimbo za Alick Nkhata. Batire lake linali louma, lalikulu, logulidwa padera, ndipo likatha linkangotayidwa. Mawailesi a transistor a m'ma 1960 ankadya mabatire a tochi, amene kuyambira mu 1978 ankapangidwanso m'dziko momwemo, pa fakitale ya Mansa Batteries ku Luapula. Koma mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zinasowa, katundu anayamba kusowa m'masitolo, ndipo mabatire a tochi anali m'gulu la zinthu zimene munthu ankazipeza lero mawa osazipeza. Anthu ankawayanika padzuwa kapena kuwaika pafupi ndi moto kuti alankhuleko tsiku lina. Wailesi ya kaseti itabwera, mota yake yozunguza tepi inkamaliza mabatire asanu ndi limodzi pa chinkhoswe chimodzi. Pamenepo batire la galimoto lotopa, loti silingathenso kuliza injini, linaoneka kuti likhoza kuimbitsa kaseti masiku angapo. Madalaivala ndi amakanika anayamba kupita nalo kunyumba m'malo molitaya, ndipo ena anafika pogula latsopano, la Exide, lopangidwa ndi Chloride ku Kitwe, opanda n'galimoto yomwe.

Si kuti dziko linalibe magetsi. ZESCO inakhazikitsidwa mu 1970, malo opangira magetsi a Kafue Gorge anayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo a Kariba North Bank anatsatira mu 1976. Mawaya akuluakulu ochokera kumeneko amakumana pa siteshoni ya Leopards Hill, chakum'mwera kwa kum'mawa kwa Lusaka, ndipo bwalo la ndege limene linatsegulidwa mu 1967, lomwe lero limatchedwa Kenneth Kaunda International Airport, lili m'boma la Chongwe momwemo. Magetsiwo anali a migodi, mafakitale ndi matauni. Mlimi wa kuseri kwa bwalo la ndege ankaona nyali zake usiku uliwonse atakhala pa koloboyi.

Ntchito yotchaja mabatire inabadwira m'mpata umenewu. Aliyense amene anali ndi magetsi a ZESCO kapena jenereta, kaya wa golosale pa boma, wa chigayo, kapena wowotcherera zitsulo, ankagula tchaja n'kuyamba kulandira mabatire a anthu. Loweruka m'mawa mnyamata ankanyamula batire la bambo ake pa kaliyala ya njinga, atalimanga ndi malegeni, pansi atayalapo kasaka. Msewu wa mabampu unkakhavula asidi, ndipo buluku la mnyamatayo linkadziwika ndi timabowo kumbuyo kwa miyendo. Pamalo otchajira, mabatire ankandandalikidwa pansi, lililonse litalembedwa dzina la mwini wake ndi penti kapena msomali, zivundikiro zitamasulidwa, m'zipinda zake mukuwira timathovu. Mwini batire akabwera kudzatenga, woyesa ankagwira waya kumutu umodzi n'kukhudzitsa kumutu winawo. Moto ukathetheka mwamphamvu, onse ankagwirizana kuti ladzaza. Kuyesa kotereku kunali koopsa, chifukwa timathovu tija ndi mpweya wa hydrogen, ndipo batire longochoka pa tchaja likhoza kuphulika ndi kuwaza asidi kumaso. Kunalinso konyenga: batire lodzaza theka limathethekanso bwino lomwe. Otchaja osamala ankagwiritsa ntchito kachubu kagalasi koyezera kulemera kwa asidi, kamene pa batire lodzaza kamaonetsa pafupifupi 1.27, koma amenewa anali ochepa.

Mkangano wa pamalo otchajira unali umodzimodzi chaka ndi chaka. Mwini batire ankati, "Simunalitchaje bwino, langogwira masiku awiri." Wotchaja ankayankha kuti batirelo latha. Nthawi zambiri onse awiri ankanena zoona. Batire likatsika pansi pa mavolti 12 n'kukhala masiku osatchajidwa, pamapepala ake pamaundana mchere woyera wa mtovu umene subwereranso mu asidi, ndipo malo osungira mphamvu amachepa. Wotchaja wothamangira ndalama ankalichotsa pa tchaja lisanadzaze kuti aike lina, mwini wake n'kukaliumitsanso kunyumba. Madzi akatsika m'zipinda, ena ankathiramo a pachitsime, ena ankawonjezera asidi poganiza kuti akulipatsa mphamvu. Zonsezi zinkalifupikitsira moyo. Madzi oyenera ndi otchezedwa (distilled), ndipo kumudzi oyandikirako anali a mvula otungidwa m'beseni lapulasitiki pabwalo, osati otsika padenga la malata.

TV inaonjezera katundu pa batire lomwelo. Ma TV aang'ono akuda ndi oyera, oyendera mavolti 12, atafala m'midzi, nyumba imodzi inkasonkhanitsa mudzi wonse. Batire likayamba kutopa, chithunzi chinkafota kuchokera m'mbali, osewera n'kumafupika, mawu okha n'kutsala. Pa masewera aakulu, monga fainolo ya Africa Cup ya 1994 ku Tunisia imene Zambia inagonja 2–1 kwa Nigeria, mwini nyumba wanzeru ankaletsa ana kuyatsa TV masiku angapo mpira usanafike, ndipo batire la mnansi linkadikira pambali.

Njira ina yodzazira batire inali galimoto yeniyeniyo. Chuma chitamasulidwa mu 1991, galimoto zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan zinasefukira m'dziko, ndipo maminibasi ndi malole aang'ono a Canter anayamba kufika m'midzi kukatenga chimanga, makala, tomato ndi mchenga. Dalaivala ankaliza injini ndi batire lake, n'kulichotsa injini ikulira, n'kuikapo la kunyumba kuti lidzaze paulendo wa ku Soweto Market ku Lusaka. Mchitidwewu unapha ma alternator ambiri, chifukwa batire likachotsedwa injini ikuyenda mavolti amalumpha mwadzidzidzi. Ena ankangolumikiza batire lachiwiri ndi loyamba ndi mawaya, koma madzulo wailesi ndi nyali zinkakoka m'mabatire onse awiri, m'mawa galimoto n'kufuna anthu okankha. Pa malole a mavolti 24, amene ali ndi mabatire awiri otsatizana, panali kulakwa kwinanso: kutenga mavolti 12 a wailesi pa batire limodzi lokha. Lotengedwalo limakhala ndi njala, linzake limadzazidwa mopitirira, ndipo onse awiri amafa nthawi isanakwane.

Yankho lake linali lodziwika kale kwa opanga galimoto zogonamo za ku Ulaya ndi ku America, zimene zimakhala ndi batire la injini ndi lina la m'nyumba la furiji ndi nyali. Galimoto zoterezi n'zosowa ku Chongwe, koma amakanika a m'derali anaona makonzedwe omwewo m'ma Land Cruiser a alendo opita ku South Luangwa ndi ku Lower Zambezi, kumene mtsinje wa Chongwe umakathira mu Zambezi, ndiponso m'maambulansi. Pakati pa mabatire awiriwo pamakhala solenoid, kachitini kachitsulo ka mabawuti awiri aakulu ndi kamodzi kapena tiwiri tating'ono. M'kati mwake muli koyilo ya waya wamkuwa. Kiyi akatembenuzidwa, magetsi ochepa amalowa pa kabawuti kakang'ono, koyiloyo imasanduka maginito, n'kukoka chitsulo chimene chimalumikiza mabawuti aakulu aja. Pamamveka kaphokoso kakuti "tha", ndipo alternator imayamba kudzaza mabatire onse awiri. Injini ikazima, solenoid imamasuka, batire la m'nyumba n'kutsala lokha ndi katundu wake.

Chipangizo chophweka chotere chinabweretsa matenda akeake, ndipo luso la wamagetsi a galimoto linayamba kuyezedwa ndi mmene amawapezera. Loyamba linachokera pa kugula. Solenoid ya sitata, yopezeka mosavuta pa galimoto zophwasulidwa, imafanana kunja ndi yofunikayo, koma koyilo yake inapangidwa kuti igwire masekondi ochepa. Ikasiyidwa yoyaka ulendo wonse imatentha, kununkha, n'kupsa galimoto isanafike patali. Yofunika ndi ya mtundu wogwira mosalekeza, imene koyilo yake imadya magetsi ochepa. Lachiwiri ndi waya waung'ono wodzutsa solenoid. Ukatengedwa pamalo amene ali ndi moto nthawi zonse, mabatire salekana konse, ndipo solenoid imakhala ilipo dzina lokha. Ukatengedwa pamalo amene ali ndi moto sitata ikulira, gawo la mphamvu yolizira injini limadutsa m'waya wa batire la m'nyumba, n'kuotcha fyuzi. Lachitatu, limene limasokoneza ophunzira ambiri, ndi earth. Solenoid ya kabawuti kamodzi imabwezera magetsi kudzera m'thupi lake, choncho ikamangidwa pa penti, pa dzimbiri kapena pa thabwa imangokhala chete, munthu n'kukagula ina pomwe yakaleyo ilibe vuto.

Amisiri akale ankafufuza ndi babu la mawaya awiri. Mita yoyezera mavolti itatchipa, kafufuzidwe kanakhazikika. Injini itazima, batire lililonse limayezedwa palokha. Injini ikamalira, batire la injini liyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, likapanda kukwera, mlandu ndi wa alternator kapena lamba wake, ndipo solenoid ilibe chifukwa. Likakwera, mita imapita pa mabawuti awiri aakulu. Onse ayenera kuonetsa pafupifupi chimodzimodzi. Lina likaonetsa 14, linzake 12.2, njira ndi yotseka, ndipo funso limatsala lakuti kodi pa kabawuti kakang'ono pafika moto. Ngati pafika, earth ili bwino, kaphokoso kaja kakumveka koma magetsi osadutsa, ndiye kuti zokhudzana za m'kati zinapsa n'kuchita mwaye. Pamenepa ambiri amanyengeka, chifukwa khutu limamva "tha" n'kukhulupirira kuti zonse zili bwino. Nthawi zina zokhudzanazo zimawotcherana, mabatire n'kukhala olumikizana usiku wonse. Solenoid ikapezeka yabwino koma batire la kumbuyo osadzaza, wolakwa amakhala waya wopyapyala woyenda mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, umene umadya theka la volti panjira. Batire lolandira 13.4 m'malo mwa 14 silimafika podzaza, ndipo limafa ndi matenda omwe aja a pamalo otchajira. Waya wolumikiza mabatire awiri umafunanso fyuzi mbali zonse ziwiri, pakuti uli ndi moto kuchokera uku ndi uku. Lamuloli ndi limene limaphwanyidwa kwambiri, ndipo waya wotere ukakhulika pa chitsulo galimoto imayaka.

Sola inachepetsa maulendo a njinga, koma matenda a batire sanathe. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi thandizo la dziko la Sweden, makampani aang'ono a ku Nyimba, Chipata ndi Lundazi anaika masola 400 m'nyumba za anthu olipira pamwezi. Mu 2003 boma linakhazikitsa Rural Electrification Authority, pa nthawi imene nyumba za kumidzi zokhala ndi magetsi a ZESCO zinali pafupifupi 3 pa 100 zilizonse. Koma masola ambiri a ku Chongwe anafika kudzera m'masitolo a ku Kamwala ku Lusaka ndi m'manja mwa amakanika omwe aja. Pakati pa panelo ndi batire payenera kukhala regulator, mdzukulu wa cut-out ya pa dynamo: imaletsa kudzaza mopitirira masana, imatseka njira yobwerera usiku, ndipo imadula nyali batire likatsika kwambiri. Kudula kumeneku n'kumene eni nyumba ankadana nako. TV ikazima pakati pa filimu, munthu ankatenga waya n'kulumpha regulator, batire n'kutha chaka chisanathe. Mafoni a m'manja atafala, otchaja mabatire ambiri anasanduka otchaja mafoni, pakhoma pa kantemba pali mizere ya masoketi. Kuyambira mu 2017 kunabweranso masola olipira pang'onopang'ono pafoni, monga ReadyPay ya Fenix International ndi MTN, amene batire lake ndi lomata m'bokosi kuti dzanja la mwini nyumba lisafikeko.

Mu 2015, 2019 ndi 2024 madzi anachepa ku Kariba, ndipo batire la m'nyumba linalowa kwa anthu amene ankaliona ngati chinthu cha kumudzi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko, ndipo miyezi yotsatira malaiti ankazima maola oposa 20 patsiku m'madera ambiri. Nyumba zatsopano za ku Silverest, m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi za pa boma la Chongwe zinadzaza ma inverter. M'kati mwa inverter muli relay imene imalekanitsa nyumba ndi mawaya a ZESCO magetsi akazima, ndipo kaphokoso kake ndi komwe kaja ka solenoid. Amene anagula mabatire a galimoto chifukwa chotchipa anaphunzira m'miyezi yochepa zimene alimi anaphunzira m'ma 1980. Maola atatu kapena anayi a magetsi sakwanira kudzaza batire la mtovu, limene limafuna maola ambiri kuti limalize gawo lomaliza. Mabatire a lithium, amene amadzaza msanga komanso amapirira kutsitsidwa kwambiri, anayamba kugulidwa ndi amene angakwanitse. M'galimoto namonso solenoid yakale ikusiyira malo tchaja ya DC-DC, chifukwa ma alternator a galimoto zatsopano amatsitsa mavolti batire la injini likadzaza, ndiponso batire la lithium likalumikizidwa mwachindunji limakoka mphamvu yoti ikhoza kutenthetsa alternator.

Batire lakufa lili ndi msika wake. Ogula zitsulo zakale amayenda m'midzi ndi m'makomboni kugula mabatire chifukwa cha mtovu wake, umene ndi woposa theka la kulemera kwa batire lonse. Ena amakhuthulira asidi pansi kuti katundu apepuke, ena amaswa bokosi n'kusungunula mtovu pa mbaula pabwalo pomwe ana amasewera. Zambia ikudziwa bwino zimene mtovu umachita: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Batire lotha ntchito liyenera kubwezedwa kwa ogulitsa mabatire lili lathunthu, zivundikiro zili zomanga, asidi wake ali momwemo.